Zitsime za a Daka ndi Kalata Yopanda Dzina

A Lazarous Daka anabadwa pa 14 Malichi 1951 m'komboni ya anthu a pamgodi kuno ku Kabwe, ndipo anamwalira pa 9 Febuluwale 2024 m'nyumba yawo ku Chowa. Ambiri mwa anthu amene anabwera kumaliro ankawadziwa ngati wokonza mipopi ndiponso woimba besi m'kwaya ya Misa yoyamba. Ochepa okha ndiwo ankadziwa kukula kwa ntchito ina imene bambowa anaigwira kwa zaka 29 popanda wowatuma, yoyeza kutalika kwa madzi m'zitsime za anthu. Ine ndinali mlembi wa mphakati wathu kutchalitchi, ndipo ndinawadziwa kuyambira 1974. Masiku onse amene ndatchula muno ndawatenga m'makope awo, m'fayilo yawo ya makalata, ndi m'buku langa la mphakati.

Bambo awo anachokera ku Katete mu 1946 kudzafuna ntchito pamgodi, ndipo mwana wawoyu analowa pamgodi womwewo pa 2 Febuluwale 1970. Anaikidwa ku gawo la mapampu, amene ankachotsa madzi pansi usana ndi usiku kuti anthu akumbe pouma. Ntchito ya a Daka inali kuwerenga mlingo wa madzi ndi kulemba m'buku lalikulu la pashifiti. Kumeneko ndiko anaphunzira kulemba manambala owongoka ngati asilikali pa perete, ndipo kumenekonso ndiko anaphunzira lamulo limene anayenda nalo mpaka kumanda.

Pa 3 Novembala 1977 mnzawo wa pashifiti, a Petson Mbewe, anapeza kapepala patebulo kolamula kuti pampu ya nambala 4 izimitsidwe. Kapepalako kanalibe dzina la wolemba. A Petson anazimitsa pampuyo, madzi anadzaza njira imodzi ya pansi, ndipo pofunsa mlandu palibe kapitawo amene anavomera kuti ndiye analemba. A Petson anachotsedwa ntchito nabwerera kwawo ku Petauke ndi ana asanu. A Daka ndiwo anawanyamulira katundu kupita kokwerera basi. Kuyambira tsiku limenelo ankanena mawu awa kwa aliyense, ngakhale kwa ansembe: "Pepala lopanda dzina lilibe mwini, ndipo ukalimvera, mwini wake umakhala iweyo."

Mgodi unatsekedwa mu 1994, mapampu nakhala chete. Anzawo ankadandaula za ntchito, ndipo nawonso ankadandaula, popeza anali ndi mkazi, mayi Justina, ndi ana anayi. Koma a Daka anali ndi funso lina limene linkawasowetsa mtendere. Kwa zaka 24 anaona madzi ochuluka akutulutsidwa pansi tsiku lililonse. Tsopano popeza palibe wowatulutsa, madziwo apita kuti, ndipo akwera msanga bwanji? Pa Loweruka la pa 6 Ogasiti 1994 anatenga chingwe, namangirira kachitini kopanda kanthu kunsonga kwake, natenganso tepi yoyezera ndi kope lakuda. Anayendera zitsime khumi ndi ziwiri za m'madimba ndi m'mabwalo a anthu, kumbali ya Chowa yoyang'anizana ndi mgodi. Zisanu mwa izo anazipeza zouma mpaka pansi, ndipo analemba momwemo kuti "chouma".

Kayezedwe kawo sikanasinthe mpaka kumapeto. Ankatsitsa chingwe pang'onopang'ono mpaka kachitini katalira pokhudza madzi, n'kugwira chingwecho ndi chala pa mlomo wa chitsime, n'kuyeza ndi tepi. Ankachita zimenezi Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. M'miyezi 349 analephera katatu kokha, kamodzi chifukwa cha maliro a mayi Justina mu Juni 2011, ndipo maulendo onse atatu anakayeza Lolemba lotsatira nalemba chifukwa chake m'mphepete mwa tsamba. Madzi a m'mipopi atayamba kuvuta anthu anakumba zitsime zina, zakale zina n'kukwiriridwa. Zonse pamodzi, zitsime zimene zinalowa m'makope awo ndi 46.

Amayi a ku Chowa anawapatsa dzina lakuti ba Chingwe. Mai Chisanga, amene chitsime chawo chinali chimodzi mwa zoyamba zija, ankawalandira ndi chipongwe chomwecho mwezi ndi mwezi.

"Ba Chingwe, mwabweranso kuzawerenga madzi yanga? Yalipo yonse, palibe anaba."

"Ndione ndekha, mayi. Mboni ya mwini chitsime siloledwa."

"Manje zaka zonsezi muyeza, simunganiuze chabe ngati ni yabwino kumwa?"

"Zimenezo n'za madokotala. Ine ndimangodziwa pamene afika."

"Ndiye nchito yanu ni ya chani?"

"Tsiku lina wina adzafunsa," ankayankha motero a Daka, akupukuta kachitini.

Pali chinthu chimodzi m'makopewo chimene ndiyenera kuchifotokoza bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. A Daka sankalemba manambala a nyumba, popeza zitsime zambiri zinali m'madimba ndi m'malo opanda manambala. Ankalemba chitsime ndi dzina limene anthu ankachitchula nalo: "cha a Chisanga", "cha amake Tiza", "cha kuseri kwa mpapaya wa a Dingani", "cha mayi wa ku Mukobeko". Mapu a zitsime zonse 46 anali m'mutu mwawo, ndipo sanaone chifukwa chowajambulira papepala, monga munthu salemba njira yopita kunyumba kwake.

Wina anafunsadi. Kuno ku Kabwe kuli magazini ya sayansi imene kagulu ka aphunzitsi a m'makoleji kanayambitsa mu 1988. Inkatuluka kawiri pachaka, makope mazana atatu, ndipo ambiri mwa iwo ankathera m'kachipinda kosungiramo katundu kumene chiswe chinkawawerenga mosadodometsedwa. Mu 2009 mkonzi wake wa nthawi imeneyo, malemu a Samuel Chongo, anamva za a Daka nasindikiza masamba awiri a manambala awo. Asanatero anawalembera kalata ya pa 17 Epulo, yosainidwa ndi inki yabuluu, yokhala ndi chidindo chozungulira cha magaziniyo. A Daka anaiika kalatayo m'galasi naipachika pabalaza, pansi pa chithunzi cha ukwati wawo.

Pa 1 Julayi 2021 magaziniyi inalowa mumgwirizano ndi kampani yosindikiza mabuku a sayansi ya kunja kwa dziko lino. Kusindikiza papepala kunatha, ndipo nkhani zonse zinayamba kutuluka pa intaneti, kumene munthu wa dziko lililonse angaziwerenge. Kampaniyo inabweretsanso makina ake a pakompyuta amene amalandira nkhani, kuitumiza kwa akatswiri oiunika, ndi kulembera mwini nkhaniyo makalata. Sindinganene kuti mgwirizanowu unali woipa. Nkhani imene kale inkadikira zaka ziwiri tsopano inkatuluka m'miyezi yowerengeka, ndipo manambala a wofufuza ankasungidwa pamalo pamene ena angawatenge ndi kuwagwiritsa ntchito.

Mkonzi watsopano anali Dokotala Nosiku Sitali, mayi wophunzira za madzi a pansi pa nthaka. Iwo anapeza masamba awiri aja a 2009 pamene ankaika magazini akale pa intaneti, ndipo pa Loweruka la pa 5 Malichi 2022 anatsika minibasi ku Chowa nafunsa kwa ba Chingwe. Anayenda nawo tsiku lonse. Pa nthawi imeneyo zitsime zotseguka zinali zitatsala 17, ndipo atamaliza anakhala pakhonde kutsegula makope khumi ndi anayi limodzi ndi limodzi.

"Atate," anatero Dokotala Sitali, "mukudziwa chimene muli nacho apa? Anthu ambiri abwera kuno kudzafufuza za mtovu m'dothi ndi m'madzi. Onse amafuna kudziwa mmene madzi anakwerera mapampu atazima, koma palibe amene anayeza nthawi imeneyo."

"Ndinayeza ine."

"Ndicho ndikunena. Tiyeni tizitulutse zonse, osati masamba awiri. Dzina lanu likhale loyamba."

"Ine sukulu ndinalekeza fomu 2, mayi."

"Chingwe chanu sichinafunse fomu."

A Daka anaseka, ndipo madzulo omwewo anabwera kwathu kudzandiuza, atavala jekete ngati akupita ku Misa.

Mwana wawo wachiwiri, Felistas, mphunzitsi wa masamu amene ankakhala ku Ngungu, komboni ina ya kuno ku Kabwe, ndiye analemba manambala onse pakompyuta, kuyambira Epulo mpaka Disembala 2022, bambo ake akuwerenga mokweza ndi kumubweza akalakwitsa. Dokotala Sitali analemba mawu ofotokozera. Nkhaniyo inatumizidwa m'makina aja pa 20 Febuluwale 2023 ili ndi mayina atatu. Makinawo ankafuna munthu mmodzi yekha wolandira makalata, ndipo a Daka sanalole kuti akhale wina. "Makalata a zitsime zanga azibwera kwa ine," anatero. Felistas anawatsegulira imelo. Dokotala Sitali anafotokoza kuti popeza dzina lawo lili pankhaniyo, malamulo a mgwirizano sawalola kuiona kapena kuifunsa m'makinamo, ndipo idzayendetsedwa ndi mkonzi wina wa kunja. Mu Epulo Felistas anasamutsidwira kusukulu ina ku Serenje.

Foni ya a Daka inali ya mabatani. Choncho Lolemba lililonse ankakwera minibasi kupita m'tauni, kusitolo ina yosindikiza mapepala, kumene mwini sitolo ankawatsegulira imelo ndi kusindikiza chilichonse chimene chabwera. Pa 15 Meyi 2023 kunabwera kalata ya masamba awiri.

Kalatayo ili pamaso panga pamene ndikulemba. Imanena kuti akatswiri awiri aunika nkhaniyo ndipo aiona kuti ndi yofunika kwambiri. Imapempha zinthu ziwiri zokha: kuti mayina a eni zitsime achotsedwe pofuna kusunga chinsinsi chawo, ndi kuti m'malo mwa mayinawo chitsime chilichonse chipatsidwe manambala osonyeza malo ake enieni pamapu, amene foni yamakono imapereka munthu akaima pamalopo. Imapereka masiku 90. Pali mawu ena odulidwa mzere kunsi, amene pakompyuta munthu amadinapo kuti ayankhe, koma papepala anali mawu wamba. Kumapeto kwake kulibe dzina la munthu. Kuli mzere umodzi wonena kuti kalatayi yatumizidwa ndi makina ndipo sifunika kusainidwa.

Lamlungu lotsatira, pa 21 Meyi, Misa itatha, a Daka anandikokera pakhonde la holo ya tchalitchi natulutsa mapepalawo m'thumba la jekete.

"A Mlembi, inu munagwira ukalaliki ku njanji zaka makumi atatu. Tandiuzani, iyi ndi kalata?"

Ndinavala magalasi, ndinawerenga masamba onse awiri, ndipo ndinatembenuza kuti ndione kuseri.

"Wasaina ndani?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Chidindo?"

"Mukuchiona inu?"

"Komatu mawu ake ndi abwino, a Daka. Akuyamikira."

"Akuyamikira ndani? Taonani chimene akufuna. Ndifufute dzina la Mai Chisanga, ndipereke malo a chitsime chawo kwa anthu a kunja. Mawa akadzandifunsa kuti anakutumani ndani, ndidzati chiyani? Ndidzati makina? A Petson anati chiyani?"

Ndinaganiza za makalata onse amene anadutsa m'manja mwanga ku njanji. Kunkabwera kaye chidziwitso, kenako kalata yeniyeni yosainidwa, ndipo kalaliki wanzeru sankasuntha ngolo ngakhale imodzi yachiwiriyo isanafike.

"Ichi n'chidziwitso chabe," ndinatero. "Kalata yeniyeni ili m'njira. Sungani ichi m'fayilo, mudikire."

"Ndi mmene ndinaganizira," anatero a Daka, napinda mapepalawo mosamala.

Kukambirana kwathu sikunathe mphindi khumi. Ndikanati tiimbire Felistas, foni yanga inali m'thumba.

Makalata okumbutsa anabwera, ndipo a Daka anawasindikiza pa 19 Juni, pa 17 Julayi ndi pa 7 Ogasiti. Pa iliyonse analemba pakona ndi pensulo tsiku loilandira ndi mawu akuti "yosasainidwa". Felistas ankaimba Lamlungu lililonse masana.

"Atate, ayankha aja?"

"Sanayankhe. Angotumiza mapepala a makina."

"Mapepala otani?"

"Ozolowereka aja. Akadzalemba ndidzakuuza."

Felistas anaganiza kuti ndi timauthenga totsatsa malonda timene timadzaza m'maimelo, ndipo sanafunsenso. Patchuthi cha Ogasiti anatumizidwa kumaphunziro a aphunzitsi ndipo sanabwere kunyumba. Dokotala Sitali anakumana ndi a Daka pamsika m'tauni chakumapeto kwa Julayi, nawafunsa za nkhaniyo. "Tikudikira kalata, mayi," anayankha. Dokotala Sitali anangoti akatswiri ounika amachedwa nthawi zina, nawalimbitsa mtima kuti apirire. Palibe amene ananama mwa anthu onsewa. Pa 14 Ogasiti kunabwera kalata yachisanu, yonena kuti masiku atha ndipo nkhaniyo yatsekedwa. Nayonso inalowa m'fayilo.

Pa Loweruka la pa 2 Sepitembala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, a Daka anagwa pambali pa chitsime cha Mai Chisanga. Mzere womaliza m'kope lakhumi ndi chisanu ukunena kuti "cha a Chisanga, mamita 3.40". Anali atadwala sitiroko. Anakhala m'chipatala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo anabwerera kunyumba pa 18 Sepitembala dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa. Nzeru zawo zinalipo, maso ankazindikira aliyense, koma pakamwa pankatuluka liwu limodzi kapena awiri patsiku.

Felistas, amene anabwera kuchokera ku Serenje kudzawasamalira, anapeza fayilo ija pa 24 Sepitembala akufunafuna khadi la kuchipatala. Anafika kwathu asanasinthe ndi zovala za kutchalitchi zomwe, ndipo anakana mpando.

"A Mlembi, kalata iyi munaiona?"

"Ndinaiona, mwanangu."

"Liti?"

"Pa 21 Meyi."

"Ndiye munawauza chiyani atate?"

"Ndinati adikire yosainidwa."

Felistas ndinamuona akubatizidwa, ndipo sanandikwezerepo mawu. Tsiku limenelonso sanakweze.

"Anawavomera, a Mlembi. Anthu aja anawavomera mu Meyi. Chinatsala n'chakuti atate ayende ndi munthu wa foni, aime pachitsime chilichonse, basi. Ma Loweruka atatu chabe akanamaliza. Manje ndani adzationetsa?"



Kutsekedwa kwa nkhaniyo sikunali vuto lalikulu. Dokotala Sitali atamva analembera anzawo a mumgwirizano, ndipo tsiku lotsatira makina anaitsegulanso napereka chaka chathunthu. Vuto linali zitsime 29 zimene zinakwiriridwa m'zaka zapitazo, makamaka zoyambirira zija za pafupi ndi mgodi, zimene zinali ndi manambala a zaka zimene madzi ankakwera. Popanda malo ake, manambalawo sakanalandiridwa, chifukwa wofufuza sangagwiritse ntchito mlingo wa madzi asakudziwa kuti unayezedwa pati. "Tsiku lija ndinayenda nawo," anatero Dokotala Sitali, "foni inali m'chikwama changa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sindinaganize zowapempha kuti andionetse zokwiriridwazo."

Mu Okotobala tinayenda atatu, Felistas, Dokotala Sitali ndi ine, ma Loweruka anayi otsatizana. Zitsime 17 zotseguka tinazipeza mosavuta, eni ake akutilozera. Zinazo zinatizunza. Amake Tiza tinapeza anayi, ndipo aliyense anakana kuti sanakhalepo ndi chitsime. A Dingani anamwalira mu 2001, mpapaya wawo unadulidwa, ndipo malo awo anagulitsidwa kawiri n'kugawidwa patatu. Mayi wa ku Mukobeko anali mkazi wa msilikali wa ndende amene anasamuka kalekale, ndipo palibe ankakumbuka dimba limene ankalima. Achinyamata obadwira m'tauni ankatiyang'ana modabwa. "Chitsime? Pano? Ankolo, pano ni pa galaja kuyambira nili mwana." Pothandizidwa ndi okalamba ochepa tinapeza zisanu.

Tinayesa kufunsa mwini makope. Felistas anawaonetsa mapu pafoni, koma a Daka anangoyang'ana timizere tating'onoto natembenukira kukhoma. Anawawerengera kalata ya Meyi ija, n'kuwafotokozera kuti ndi yoona ndipo tikufuna atiperekeze. A Daka anaikankha ndi dzanja lamanzere. Felistas anatuluka panja kukalira. Dokotala Sitali anatsala chiimire pabalaza, akuyang'ana kalata ya 2009 ija m'galasi, kenako anandifunsa ngati ndikudziwa kumene chidindo chakale cha magazini chinapita.

Anachipeza okha m'dirowa ya tebulo la malemu a Chongo, mphira wake utauma. Pa 11 Novembala anabwera ndi kalata ya tsamba limodzi yolembedwa pamanja. Inkapempha zinthu ziwiri zomwe zija, koma inawonjezera kuti aliyense wofunsa za mayina ndi malo a zitsime afunse iwo, Nosiku Sitali, mkonzi. Anasaina ndi inki yabuluu nadinda chidindo. A Daka anaiwerenga akutsatira mzere uliwonse ndi chala. Atafika pansi anakweza maso kuyang'ana ya pakhoma ija, nabwereranso pa siginecha. Ndiye ananena liwu limodzi, lomveka bwino lomwe.

"Chipewa."

Tinapita pa Loweruka la pa 18 Novembala, pa takisi, a Daka atakhala kutsogolo chipewa chili kumutu. Woyendetsa ankayenda pang'onopang'ono, ndipo a Daka ankaloza njira ndi chibwano. Pamalo oyamba anamenya chitseko cha galimoto ndi dzanja lamanzere, naloza pakhomo la kanyumba kometera tsitsi. Felistas anawerenga mayina a m'kope limodzi ndi limodzi mpaka bambo ake atagwedeza mutu pa "cha amake Tiza". Wometa tsitsiyo anatuluka ndi makina m'manja. "Ndiye chifukwa chake simenti yanga imang'ambika pakona apa chaka chilichonse!" anatero. A Daka anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Dokotala Sitali anaima pakonapo ndi foni nalemba manambala.

Chachiwiri chinali m'bwalo la tchalitchi china chatsopano, chachitatu pansi pa dzala la zinyalala. Pachinayi tinafika pamalo pamene kale panali madimba, koma tsopano pali mipanda ya njerwa mbali zonse. A Daka anakweza dzanja, naligwira m'mwamba nthawi yaitali akuyang'ana uku ndi uku. Akanakhala akuyenda pansi, miyendo yawo ikanawatsogolera monga inkachitira kale, koma pawindo la galimoto malowo anali achilendo. Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Dzuwa linali litakwera, thukuta likuyenderera, ndipo Felistas anauza woyendetsa kuti atibweze. Tinapangana zobwereranso Loweruka lotsatira.

Mvula inayamba pa 20 Novembala. Sabata yomweyo a Daka anadwala chifuwa, ndipo sanatulukenso m'nyumba mpaka tsiku limene tinawanyamula.

Nkhani yawo inatuluka pa intaneti pa 4 Novembala 2024, dzina la L. Daka lili loyamba. Ili ndi zitsime 25. Zina 21 zinasiyidwa, ndipo mwa izo muli zisanu ndi zinayi za khumi ndi ziwiri zoyambirira zija. Patsamba lachisanu ndi chimodzi pali chiganizo chonena kuti manambala a zaka za 1994 mpaka 2000 ndi ochepa kwambiri, kotero sizingatheke kunena motsimikiza liwiro limene madzi anakwerera pafupi ndi mgodi. Funso limene linawatulutsa m'nyumba ndi chingwe mu Ogasiti 1994 ndi lomweli. Yankho lake analilemba mwezi ndi mwezi, ndipo lili m'makope amene Felistas akusunga ku Ngungu, kumene anabwerera. Makina aja amawerenganso anthu otsegula nkhaniyo, ndipo Felistas anandionetsa pafoni kuti pofika Juni 2025 anali atapitirira 1,900, a m'mayiko 31. A Daka akanakonda nambala imeneyo, ndipo akanafunsa kuti waiwerenga ndani.

Ndinawerenga pakalendala ma Loweruka a pakati pa 15 Meyi ndi 2 Sepitembala 2023. Alipo khumi ndi asanu. Onsewo a Daka anali ndi miyendo yawo ndi lilime lawo, ndipo atatu okha akanakwanira.

Dokotala Sitali anandiuza kuti nkhani ya pa intaneti, mosiyana ndi ya papepala, imatheka kuwonjezeredwa ngati chitsime china chapezeka. Choncho ndinakopera mayina 21 aja kumapeto kwa buku langa la mphakati, ndipo ndimawawerengera okalamba kulikonse kumene tasonkhana, makamaka pamaliro, popeza ndi pamene anthu akale a ku Chowa amapezeka pamodzi. Pa 8 Malichi 2025 gogo wina wochokera ku Kapiri anakumbuka mpapaya wa a Dingani natiperekeza pamalo ake, ndipo chitsimecho chinawonjezeredwa pa 2 Meyi. Zatsala 20. Koma buku lomwelo likusonyeza kuti chiyambire maliro a a Daka taika m'manda anthu asanu ndi mmodzi amene anakhala ku Chowa mgodi usanatsekedwe, ndipo Mai Chisanga anali wachisanu mwa iwo.